Nzeru, Kucenjera ndi Kutumikira: Kuunika Njira ya Robert Serpell Yofufuzira Kakulidwe ka Mwana

Mau Oyamba

Maphunziro a kakulidwe ka maganizo a mwana amaoneka ngati ali kutali ndi ife ophunzitsa zinenero, komatu mizu yake ili m'munda mwathu. Aliyense wofuna kudziwa m'mene mwana akukulira ayenera kumufunsa mafunso, ndipo funso lirilonse limafunsidwa m'cinenero cina cake. Wofufuzayo ayeneranso kukhala ndi liu lochulira cinthu cimene akuyesaco. M'nkhani ino tiunika buku la Robert Serpell lochedwa The Significance of Schooling: Life-Journeys in an African Society, limene linasindikizidwa ndi Cambridge University Press mu 1993. Ganizo lathu ndi lakuti mphamvu ya bukuli yagona pa liu limodzi la Cicewa, nzeru, ndi kuti mafunso amene njira yake inasiya osayankhidwa ali m'manja mwa akatswiri a cinenero.

Miyeso Yocokera Kunja

Kwa zaka zambiri ciphunzitso cimene cinalamulira maphunzirowa cinali ca Jean Piaget wa ku Geneva. Iye anati maganizo a mwana amakwera makwerero anai, kuyambira pa khanda lodziwa zinthu mwa kugwira ndi kulawa, kufikira pa wacinyamata wotha kulingalira zinthu zosaoneka ndi maso. Muyeso wake wodziwika ndi wa madzi: amathiridwa kucokera m'cikho cacikulu m'mimba kupita m'cikho cacitali copyapyala, ndipo mwana amafunsidwa ngati aculuka kapena ali cimodzimodzi. Miyeso yotere itafika m'Africa, ofufuza ambiri analemba kuti ana a kuno amacedwa kukwera makwererowo. Koma mu 1976 Raphael Nyiti, pofunsa ana a Cimeru ku Tanzania m'cinenero cao, anapeza kuti msinkhu umene iwo amazindikira zimenezi sunasiyane kwenikweni ndi wa ana a ku Ulaya. Kucedwa kuja kunali kwa womasulira ndi funso lake.

Serpell anaonjezera umboni wina mu 1979. Anapempha ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester kuti atsanzire maonekedwe a zinthu ndi zipangizo zosiyanasiyana. Pa pepala ndi pensulo ana a ku England anapambana. Pa waya, amene ana a kuno amapangira magalimoto oseweretsa, a ku Zambia anapambana. Pa dothi loumbira panalibe kusiyana kwenikweni. Motero muyeso umayesanso kuzolowera kwa mwana cipangizo cimene wapatsidwa. Ganizo lomweli ndilo linabala muyeso wochedwa Panga Munthu, wouza mwana kuumba munthu ndi dothi, umene Ravinder Kathuria ndi Serpell anafalitsa mu 1998.

Njira ya ku Katete

Buku la 1993 linapita patsogolo pa kusintha zipangizo. Kuyambira mu 1973, m'midzi ya Acewa m'boma la Katete, Serpell anafunsa akuluakulu odziwa bwino ana a m'mudzi mwao kuti, pa ana a msinkhu umodzi, ndi uti amene angamusankhe patagwa nchito yadzidzidzi, monga kukaitana thandizo nyumba ikagwira moto. Kenaka anawafunsa cifukwa. Kucokera m'mayankho ao iye anaona kuti nzeru, liu limene amalilemba nzelu monga limvekera kumeneko, ili ndi mbali ziwiri zazikulu: kucenjera, ndiko kufulumira kwa mutu, ndi kutumikira, kumene kumayenda pamodzi ndi kumvera ndi kukhulupirika. Cina cofunika cimene anapeza ndi cakuti zosankha za akuluakuluwo sizinagwirizane ndi zotsatira za miyeso imene anawo anapatsidwa. Anawatsata anawo mpaka atakula, ndipo anafanizira sukulu ndi makwerero amene amanka nacepa m'lifupi, kotero kuti ambiri amagwera m'mbali nadziyesa olephera. Tikumbukire kuti anawa analowa sukulu lamulo la maphunziro la 1966 litaika kale Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Eni cinenero anapatsidwa mpata wonena cimene kukula kumatanthauza, wofufuza asanabwere ndi tanthauzo lake.

Umboni wa Galamala

Kapangidwe ka mau kamacirikiza zimene Serpell anapeza, mwina koposa m'mene owerenga a Cingerezi angaonere. Mneni -tumikira acokera ku tsinde -tum-. Msintho -ik- upatsa -tumika, kukhala wotheka kutumidwa, ndipo msintho -ir- ubweretsa munthu wina amene nchitoyo ikucitidwira. Kucokera ku -mva timapeza -mvetsa, -mvera ndi -mvana. Tsinde limodzi lomwelo likusenza kumva kwa khutu, kuzindikira kwa mutu, kugonjera wamkulu ndi kugwirizana ndi anzako. M'aneni awa misintho ya -ir- ndi -an- imaloza munthu waciwiri. Cinenero ceniceni cikuika nzeru pakati pa anthu.

Dzina lakuti nzeru nalonso limacita zinthu zimene nambala ya pa muyeso siingacite. Timati kupatsa munthu nzeru, kupangana nzeru, kusowa nzeru, kutha nzeru. Cinthu cimene cimapatsidwa, kugawanidwa ndi kutha sicingakhale mulingo wosasintha wokhala m'mutu mwa mwana mmodzi. Mwambi wakuti nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi ukunena zomwezo.

Pamene Njirayi Iperewera

Coyamba, amene anafunsidwa ndi otuma. Munthu wamkulu akafunsidwa za mwana amene angamutume, funsolo lamutsogolera kale ku -tumikira. Cimene cinapezeka ndi nzeru monga amazionera wofuna thandizo. Ana ali okha ku dambo, poweta mbuzi, pochera misampha kapena pophera anzao ndagi, angasankhe mtsogoleri pa zifukwa zina. Ndiponso -mvera ali ndi nkhope ziwiri: mwana wacete, makamaka mtsikana, angayamikiridwe kuti ngwomvera pamene wangophunzira kusayankha.

Caciwiri, owerenga bukuli mothamanga amagwa m'mbuna yoika -cenjera ku mbali yoipa, ya Kalulu wa m'nthano, ndi -tumikira ku mbali yabwino. N'zoona kuti kucenjerera munthu ndiko kumunyenga. Koma kucenjeza ndiko kumupulumutsa ku ngozi, ndipo mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye, ukuika kucenjera pakati peni peni pa udindo wolera. Tanthauzo la tsinde limasintha ndi msintho ndi malo ake m'ciganizo. Kulidziwa bwino kufuna kusonkhanitsa zolankhula zeni zeni za m'milandu, m'cinamwali, m'nthano ndi m'masewera, nchito imene ili ya dipatimenti ya zinenero.

Cacitatu, umboniwo ndi wa midzi ya boma limodzi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Cinyanja ca ku Matero kapena ku Kanyama ciri ndi moyo wake, ndipo kucenjera m'tauni kumayamikiridwa mwa njira yake. Kutenga nzeru ya ku Katete n'kuiyesa ciphunzitso ca Africa yense ndiko kubwereza colakwa ca amene anatenga ana a ku Geneva n'kuwayesa muyeso wa dziko lonse.

Mau Otsiriza

Nkhaniyi ikhudza mphunzitsi aliyense amene amalemba pa lipoti kuti mwana wakutiwakuti ndi wocedwa kumva. Asanalembe, adzifunse kuti funso linafunsidwa m'cinenero citi, ndi cipangizo canji, ndiponso ndani amene anapindula ndi yankho. Kwa ofufuza, buku la Serpell latsegula khomo la nchito imene ikudikira anthu odziwa misintho ya aneni ndi miyambi: kulemba mwatsatanetsatane m'mene -mva, -cenjera ndi -tuma amagwirira nchito pakamwa pa ana ndi akulu, kumudzi ndi m'tauni, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za Zambia.