Dzanja Lodziwa Polekezera

Wodwala khosi amagona chagada, mutu wake uli m'manja mwa katswiri. Poyamba sipaoneka chochitika. Zala zimangoyenda m'mbali mwa mafupa 7 a m'khosi, kufufuza mfundo imene yauma. Akaipeza, katswiriyo amapendeketsa mutu n'kuutembenuza pang'ono, mpaka mfundoyo ifike pamene imathera kuyenda. Apo amadikira kuti wodwala atulutse mpweya, minofu ifewe. Kenako amakankha kamodzi kokha, mofulumira kwambiri koma kamtunda kochepa zedi, khosi n'kumveka kuti tswa!

Luso lonse lagona pa kuchepa kwa kamtundako. M'timabowo ta mafupa a m'khosi mumadutsa mitsempha iwiri yopititsa magazi ku ubongo, ndipo kumtunda imakhota mozungulira fupa loyamba lotchedwa atlas. Sizichitika kawirikawiri, koma mtsempha wotere ukang'ambika munthu angathe kudwala sitiroko. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso: Kodi mumachita chizungulire? Mumaona zinthu ziwiriziwiri? Mutu ukupweteka mosiyana ndi kale? Yankho likamukayikitsa, khosi salikankha, amatumiza wodwalayo kwa dokotala. Ena amakonda kukankha kumtunda kwa msana, pakati pa mapewa, chifukwa nakonso kumapepuza khosi.

Phokoso lija, limene odwala ambiri amalikonda, si fupa kubwerera m'malo mwake. Mu 2015 Greg Kawchuk ndi anzake a ku University of Alberta anajambula ndi MRI chala chikukokedwa, ndipo anaona kathovu ka mpweya kakupangika m'madzi a mu mfundo pa nthawi imene chinalira. D.D. Palmer, amene anayambitsa luso limeneli la chiropractic ku Davenport, Iowa, mu 1895, ankati matenda ambiri amachokera ku mafupa osemphana. Manja ake mwina anali aluso, koma maganizowo sayansi sinawatsimikize.

Nanga m'magazi mumasintha chiyani? Mu 2014 gulu la Gustavo Plaza-Manzano ku Spain linapeza kuti oxytocin ndi neurotensin, timadzi timene timakhudzana ndi kamvedwe ka ululu, timakwera munthu akangokankhidwa, ndipo mwa okankhidwa khosi timadzi tina totchedwa cortisol natonso tinakwera. Koma anthu amene anayezedwawo sankadwala khosi. Zikungosonyeza kuti thupi limayankha dzanja, osati kuti ululu umatha chifukwa cha timadzito.

Ine ndimadalira kwambiri zimene Gert Bronfort ndi anzake a ku Minnesota anafalitsa mu 2012. Anthu 272 odwala khosi anagawidwa patatu kwa masabata 12. Okankhidwa ndi manja anapeza bwino kuposa omwa mankhwala. Gulu lachitatu linangophunzitsidwa kuwongola ndi kutembenuza khosi paokha kunyumba, ndipo linatsala pang'ono kufanana ndi okankhidwawo. Choncho katswiri wabwino akamaliza, amadzutsa wodwala n'kumuonetsa mobwezera chibwano kumbuyo, kuti azikachita yekha kangapo pa tsiku.