Msomali wa Denga ndi Mbale za pa Mapolo

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene mphepo yamkuntho imawomba mvula ikamayamba, kulimba kwa denga la malata kumadalira msomali wachipewa, womwe mutu wake wotambalala umapanikiza lata n'kutseka bowo. Mmisiri wodziwa ntchito amaukhomera pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo amamangirira matabwa a denga kukhoma ndi waya, podziwa kuti mphepo imasasula denga lonse ngati silinagwirane ndi khoma.

Luso lotere lilinso pa mapolo a ESCOM opita ku Mponela, Mvera ndi kuboma la Ntchisi. Magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire amafika m'maderawa pa mawaya a mphamvu ya ma volts 33,000, ndipo chowaletsa kutsikira pansi kudzera m'polo ndi insulator, mbale yadothi lowotcha kapena yagalasi yosadutsa magetsi, yomwe makwinya ake amatalikitsa njira kuti fumbi lonyowa lisawalondolere kupolo. Amisiri okwera mapolo kukasintha mbale zoswedwa ndi mphezi ndi oyenera ulemu waukulu.