Kuvina Kopatulika kwa Debussy ndi Gudumu la Makiyi

M'chaka cha 1904 kampani ya Pleyel ya ku Paris idapempha Claude Debussy kuti apeke nyimbo ya zeze wamtundu watsopano amene Gustave Lyon adakonza. Zeze wa Azungu wanthaŵi zonse, amene eni ake amati harp, ali ndi zopondera zisanu ndi ziŵiri zosinthira mau a nsambo. Wa Lyon adalibe zopondera, pakuti nsambo zake zidapingasana m'mizere iŵiri, noti iliyonse ndi nsambo yakeyake. Zeze ameneyu sadafale, koma nyimboyo, Danse sacrée et danse profane, ndiye kuti kuvina kopatulika ndi kuvina kwa m'dziko, ikumvekabe mpaka lero pa zeze wa zopondera, mothandizana ndi mavayolini ndi zoimbira zina za nsambo.

Masiku ano nyimbo yotere imakumana ndi woweruza amene Debussy sadamlote. Alipo mapulogramu a kompyuta amene amamvera nyimbo, napereka manambala aŵiri: kugunda kwake pa mphindi imodzi, ndi kiyi yake. Ma DJ adaika makiyi onse pa gudumu lotchedwa Camelot, la manambala 1 mpaka 12, chilembo A chikuimira minor, B chikuimira major. Lamulo lake nlakuti polumikiza nyimbo ziŵiri usankhe makiyi oyandikana pa gudumupo, kuti khutu lisadzidzimuke. M'nyumba yovinira nzeru imeneyi njothandiza ndithu, ndipo sitikuinyoza. Funso lathu nlakuti, kodi muyeso womwewo ungathe kuyeza gawo loyamba la nyimbo ya Debussy?

Tiyambe ndi liŵiro. Pamwamba pa gawoli mpeki adalemba kuti Très modéré, kutanthauza kuyenda mofatsa kwambiri, ndipo adaliika m'muyeso wa 3/2, kugunda kutatu kwakutali. Makina amasokonezeka pomwepo, chifukwa akaŵerenga manoti aafupi m'malo mwa kugunda kwenikweni amapereka nambala yoŵirikiza kaŵiri. Koma vuto lalikulu lili m'nsambo momwemo. Mau a limba la m'tchalitchi amakhalapobe malinga chala chili pa batani, pamene mau a zeze amayamba kufa nthaŵi yomwe nsambo yakhudzidwa. Woimba akachedwetsa, mau oyamba amazilala achiŵiri asanafike, nyimbo nkuduka. Akafulumira, nsambo zazikulu zimene zimalirabe mpaka atazigwira ndi chikhato zimasakanizika, zonse nkukhala phokoso. Motero woimba waluso amamvera chipinda chimene alimo, apa natambasula pang'ono, apo nakoka pang'ono. Nambala imodzi yosasintha siingamuuze zimenezi.

Za kiyi nazo nzofunika kuzilingalira. Pulogramu idzati gawoli lili mu D minor, ndipo siinama, pakuti D ndiye kwao kwa nyimboyi. Komabe D minor wa m'mabuku a sukulu amadalira noti ya C sharp, imene imakankhira khutu kubwerera kwao mokakamiza. Poyamba pa gawoli Debussy amapewa kukankha kumeneku. Zoimbira za nsambo zimayamba ndi mzere umodzi wopanda zokometsera, kenaka zeze amaloŵa ndi magulu a mau oyenda limodzi, kukwera pamodzi ndi kutsika pamodzi, ngati anthu a pa mdipiti. Amene adaphunzira nyimbo za Gregorian adzazindikira msanga kamvekedwe ka njira yoyamba ija yothera pa re. Tikumbukire kuti pa 22 November 1903, miyezi yoŵerengeka nyimboyi isanalembedwe, Papa Pius X adatulutsa Tra le sollecitudini, kalata yoika nyimbo za Gregorian kukhala chitsanzo chachikulu cha nyimbo za Mpingo. Sitikunena kuti Debussy adalemba pomvera kalatayo, ndiponso nyimbo yake si ya pa Misa. Tikungoona kuti kupatulika kumene dzina lake likunena kwagona m'kudziletsa kwa mau akale ameneŵa, ndipo chizindikiro cha pa gudumu chimabisa zonsezi.

Tsono tifike pa kulumikiza. Pa gudumu lija D minor ndi 7A, ndipo anansi ake ndi G minor pa 6A, A minor pa 8A ndi F major pa 7B. Nzoona kuti nyimbo ya m'makiyi ameneŵa siingapweteke khutu ikabwera pambuyo pake. Koma Debussy mwini wake sadapite kwa mnansi aliyense. Popanda kupuma adaloŵa m'gawo lachiŵiri mu D major, amene pa gudumu ndi 10B, kutali ndi 7A. Chimene gudumu likuti nchosayandikana, khutu limachilandira mosavuta, chifukwa D uja sadasunthe. Noti ya F yakwera kukhala F sharp, kugunda kutatu kuja kwapepuka nkusanduka kuvina kwa 3/4, ndipo mdima wachoka. Apa ndiye pagona luso lonse la nyimboyi: kuvina kopatulika ndi kuvina kwa m'dziko kwamera pa muzu umodzi. Wodula gawo loyamba nalisoka ku nyimbo ina chifukwa manambala agwirizana, wataya chimene mpeki adafuna kunena.

Chigamulo chathu nchakuti magawo aŵiriŵa, amene onse pamodzi amatenga pafupifupi mphindi khumi, ayenera kumveka osalekanitsidwa, ndipo akatha pakhale chete pang'ono nyimbo ina isanayambe. Inu amene mudzatsogolera makwaya m'maparishi, kumene kiyibodi imadziimbira ng'oma yake yosapuma, yesani tsiku lina kuzimitsa ng'omayo pa nyimbo yofatsa, kuti oimba aphunzire kudikira mau oyamba azilale asanatulutse achiŵiri.