Mdani wa Kamdothi ndi mvula

M'nthano ya Kamdothi mulibe mfiti, mulibe fisi, mulibe chilombo cha m'nkhalango. Chimene chimapha mwanayo ndi mvula, yomweyi imene mlimi wa kwa Kabudula amaidikira maso ali kumwamba Novembala akamatha, mizere ataunga kale, fodya akudikira pa nazale. Mdalitso wa mudzi wonse ndiwo imfa ya mwana wa nyumba imodzi.

Nkhani yake njaifupi. Mayi wosabereka aumba mwana ndi dothi, mwanayo, Kamdothi, nakhala wamoyo. Lamulo ndi limodzi lokha: asanyowe. Kumwamba kukada, mayi amamuitana ndi nyimbo, iye n'kuthamangira m'nyumba. Osimba nthanoyi amasiyana apa ndi apo, koma kuthawako amakubwereza kangapo, mpaka tsiku limene mwana wakasewera kutali.

Kubwerezaku n'kumene kumagawa omvera pawiri. Kwa mwana womvera, uwu ndi mpikisano wa liwiro: dzana Kamdothi adafika, dzulo adafika, nanga lero? Amavomera nyimbo ija mokweza, mapazi akuyabwa. Dothi amalidziwanso bwino. Adaumbapo ng'ombe zake kudambo, n'kuziiwala panja, m'mawa n'kupeza nyanga ndi linunda zaphwanyikira m'matope. Choncho msimbi akati mwendo wa Kamdothi wayamba kufewa, safunika kufotokoza zambiri. Mwana amachita mantha, koma ndi mantha okoma, poti agogo ali pompo ndipo moto ukuyaka.

Wamkulu samvera liwiro. Iye akudziwa nthano isadafike pakati kuti dzinja silizembeka, ndiye maso ake ali pa mayi uja: adatonzedwa kuti ndi chumba, wapeza mwana, koma tsopano sangapite kumunda kapena kuchitsime osayang'ana mitambo. Choopsa chenicheni n'chakuti kukula kwa Kamdothi ndiko kukumupha, pakuti mwana akamakula amatalikira khomo la amake. Amene adagonerapo m'chipatala mwana akupuma movutika safunsa tanthauzo la nyimbo imeneyi.

Ku Italy alinso ndi mwana wopangidwa ndi manja. Pinocchio wa Carlo Collodi, buku la 1883, adasemedwa pamtengo, ndipo pamapeto amasanduka munthu weniweni chifukwa wasintha khalidwe. Makolo athu sadamupatse Kamdothi mphotho yotere, ndipo ndimawalemekeza pa chimenechi.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amaimangirira nthano ya Kamdothi phunziro lakuti ana azimvera makolo. Kamdothi sadachite mwano. Atamva amake akuimba adathamanga monga mwa masiku onse, mtunda ndiwo udatalika. Kumuimba mlandu n'kuchepetsa nthano imene ikunena zowawa kwambiri: pali zina zimene chikondi cha mayi sichingatchinge.

Inu agogo ndi aphunzitsi, mukamaisimba musaikonze kuti dzuwa lidatuluka mwana n'kupulumuka. Isimbeni mpaka pamene mvula idamupeza. Ana amatha kuisenza.