Vinyo wa ku Cape pa Mphasa ya kwa Kasakula

Pali bodza limene lakhazikika m'mitu ya ife anthu a m'tauni, loti vinyo wofiira amayenda ndi mpeni ndi foloko basi, ndipo kumuika pafupi ndi mtanda wa nsima n'kumunyoza. Ine bodzali ndikulikana. Chakumwa chimene sichingakhale pa mphasa limodzi ndi ndiwo zathu za masiku onse chilibe chifukwa chotidyera ndalama.

Komanso vinyo si mlendo wadzulo. Dzina lenilenilo tinabwereka kwa Apwitikizi, monganso la kachasu. Ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi ambiri anamumva koyamba m'tchalitchi. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894, ndipo kwawo kunali ku Cape, kumene anayamba kufinya mphesa mu 1659. Chodabwitsa n'choti Sinodi ya Nkhoma imene anasiya imaletsa Akhristu ake mowa. Motero vinyo kuno ali ndi nyumba ziwiri zokha, pa Mgonero ndi ku hotela. Pa mafuwa sanafikepo.

N'chifukwa chake ndinagula botolo lotsika mtengo la ku Cape komweko m'sitolo ina ku Lilongwe, n'kupita nalo kwa Kasakula ku Ntchisi kuti likakumane ndi chilichonse chimene chiphulidwe pamoto. Dzina lake sinditchula, tsamba lino si la malonda.

Payekha vinyoyu ndi wamba. Maonekedwe ake ali ngati madzi a chidede okhathamira, fungo ngati la jambula wakupsa. Ukameza, lilime limamangika monga umachitira ukaluma nthochi yosapsa. Chimene chimamanga lilimecho azungu amati tannin. Chimachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, ndipo chimapezekanso mu tiyi wokhalitsa m'ketulo. Chikakumana ndi mafuta kapena nyama chimafatsa, monga tiyi amafatsira ndi mkaka. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Tiyambe ndi nyemba, mfumu ya ndiwo ku mapiri kuno. Nyemba zofiira zobwatitsa, za tomato ndi anyezi, msuzi wake wolemera, zinamulandira vinyo ngati mkamwini wolimbika. Kuwawasa kwake kumatsuka m'kamwa, mbamu yotsatira n'kukoma ngati yoyamba. Nsima yokha ilibe mlandu ndi aliyense, koma mgaiwa unagwirizana naye kuposa ya ufa woyera.

Nkhwani wotendera anandidabwitsa. Mafuta a nsinjiro anazimitsa ukali wonse uja, vinyo n'kusanduka wofewa, kukhala ngati wakwera mtengo kawiri. Kanyenya wa mbuzi, wa mchere wokha, ndiye osanena. Apa ngakhale akatswiri a ku Stellenbosch sangatsutse. Nkhuku yachikuda nayo inachita bwino, makamaka pa msuzi.

Koma sikuti ukwati uliwonse umalimba. Chisoso n'chowawa kale, ndiye ukathirapo vinyo womanga lilime, abale inu, zimakhala ngati wamwa mankhwala a malungo. Usipa wouma, umene umakwera chitunda kuchokera ku nyanja ya ku Nkhotakota, unasiya kakomedwe ka chitsulo, ngati wanyambita supuni yadzimbiri. Izi si zachilendo, vinyo wofiira ndi nsomba sagwirizana kawirikawiri. Therere la chidulo linamuphera kukoma konse. Tsabola wa kambuzi ndiye amakoleza moto pa moto, chifukwa vinyoyu ali ndi mphamvu 13 peresenti, kuposa kawiri mowa wa m'botolo. Amene azolowera kugugudiza chipanda cha masese achenjere. Uyu ndi wopsontha.

Chinthu china n'kutentha. Mabuku a ku Ulaya amati vinyo wofiira asalowe mufiriji, koma iwo amanena za nyumba zawo zozizira, za madigiri 16 kapena 18. Kuno mu Okutobala botolo losiyidwa pakhonde limanunkha mowa wokhawokha. Mankhwala ake agogo anawapeza kale: liviikeni mumtsuko wa madzi kwa ola limodzi. Mu Juni, chisanu cha ku Ntchisi chimagwira ntchitoyo chokha. Ndipo mukatsegula musalisunge kupitirira masiku atatu, limayamba kusasa.

Chigamulo changa ndi ichi. Vinyo wotsika mtengoyu ndi mnzake wa nyemba, nsinjiro ndi mbuzi, osati wa usipa kapena chisoso. Safuna tambula ya mwendo wautali, kapu yoyera ikwana. Koma tisanamizane, eti. Chimene ife m'tauni timati chotsika mtengo, kwa mlimi wa soya kwa Kasakula ndi ndalama ya mchere, sopo ndi makope a ana. Sindikuuza munthu kuti asiye thobwa.

Funso limene latsala ndi la ife eni. Chidede chimamera kuseri kwa nyumba, jambula amangoyoyoka pansi, ndipo a Linga ku Lilongwe anaonetsa kale kuti zipatso zimenezi zimatulutsa vinyo wa m'botolo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tidzaitanitsa wa ku Cape mpaka liti kuti atikometsere nyemba zathu zomwe?