Chala Chimodzi Pamimba pa Nalimata

Ku Katete, Sinda kapena Vubwi palibe amene amaweta nalimata. Amangodzikhalira pakhoma pafupi ndi nyali n'kumasaka tizilombo, ndipo ambiri akamuona amafunafuna tsache. Koma msuweni wanga wa ku Sinda, amene amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa ziweto ku Johannesburg, amadwazika analimata, ndipo manja ake amandigometsa.

Amene amasamalawo ndi a mtundu wa leopard gecko, ochokera kumadera ouma a Pakistan, Afghanistan ndi India. Ali ndi zikope, sakwera khoma, ndipo amakhala zaka 15 mpaka 20. Chimene chimawavuta kawirikawiri ndi kudzimbidwa: powakha chakudya amamezera kumodzi ndi mchenga, mchengawo n'kutseka matumbo.

Msuweni wanga sathamangira mankhwala. Amayamba wayeza kaye kutentha kwa pansi pa bokosi lokhalamo nalimata, chifukwa thupi la nalimata silidzifunditsa lokha. Pansi pakazizira, chakudya chimangoti mbwee m'mimba osagayika. Mbali imodzi izifunda madigiri 30 mpaka 32. Akakonza zimenezo amathira madzi ofunda m'kambale, ongofika pamimba basi, n'kukhazikamo wodwalayo mphindi 10 kapena 15. Apa ndiye pagona luso. Dzanja lamanzere limamutchingira mutu kuti usamire, chala chimodzi chakumanja chikusisita kuchokera pachifuwa kutsikira kumchira, mopepuka ngati mayi wosisita mimba ya khanda. Akadina mwamphamvu akhoza kuvulaza matumbo. Kadontho ka mafuta a olivi amakaika pamlomo kuti nalimata anyambite yekha, poti kumuthira m'kamwa n'kumutsamwitsa. Kenako amadikira chitosi chakuda chokhala ndi nsonga yoyera. Chikapanda kuoneka patapita masiku angapo salimbana nazo, amapita naye kwa dokotala wa ziweto akamujambule m'mimba. Kudziwa polekezera kumeneku ndimakulemekeza kwambiri.

Za mchira ndiye sanyengerera munthu: nalimata sagwidwa kumchira. Akachita mantha amaudula yekha, chonsecho ndi mmene amasungamo mafuta a thupi lake. Zikatero msuweni wangayo amachotsa mchenga wonse, n'kuyala mapepala oyera kuti bala lisalowe dothi. Tizilombo totsala pa chakudya amatitola tonse, tingamulume pabalapo usiku. Amamuwonjezera chakudya chowazidwa ufa wa calcium, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo mchira wina umakhala utamera, waufupi ndi wonenepa kuposa woyamba.