Tsogolo Lathu Likulotedwa m'Cilankhulo ca Yani?

Kuyambira caka ca 2012, pamene Ivor W. Hartmann wa ku Zimbabwe anasonkhanitsa nkhani za alembi a mu Africa m'buku lochedwa AfroSF, mabuku a mtundu umenewu akhala akuculuka. Ndi mitolo ya nkhani zopeka zifupizifupi: zina zimakamba za sayansi ndi moyo wa m'tsogolo, zina za mizimu ndi zodabwitsa zimene maso sanaonepo. Ena mwa mabukuwa amatamandidwa cifukwa ca mphotho zimene nkhani zake zinapambana. Funso langa kwa inu, abale a ku Macanga ndi ku Tsangano, ndi ili: kodi mphotho imatsimikiza kuti nkhani ndi yokoma? Nanga ikukomera yani?

Ndiyambe ndi kuyamika, pakuti coyamika cilipo. M'caka ca 2017, buku la mphotho ya Caine, lochedwa The Goddess of Mtwara and Other Stories, linali ndi nkhani ya Lesley Nneka Arimah wa ku Nigeria, mutu wake Who Will Greet You at Home. Caka comweco nkhaniyi inapambana mphotho ya Nommo pamodzi ndi nkhani ya Tendai Huchu wa ku Zimbabwe. M'dziko la nkhaniyi, mkazi wofuna mwana amamuumba yekha ndi cimene ali naco, kaya dothi, kaya ulusi, kenaka mayi wamkulu amamudalitsa kuti akhale wamoyo. Ogechi, mtsikana wosauka wogwira nchito pamalo okonzera tsitsi, akufuna mwana wolimba, woti dziko lisamupondereze monga linapondereza iye. Amatola tsitsi la anthu ambiri lotayidwa pansi n'kuumba mwana. Mwanayo amakhaladi wolimba, koma njala yake imatembenukira kwa mayi wake yemwe.

Nkhani imeneyi ndimaiika patsogolo cifukwa codabwitsa cake ndi cimodzi cokha, ndipo cikugwira nchito. Mukacotsa mwana wa tsitsiyo, mutsala ndi cinthu cimene tonse tikucidziwa: kholo losauka limene likufunira mwana wake zimene ilo linasowa, mpaka kudzipweteka. Umu ndi mmene agogo athu ankacitira ndi nthano. Kalulu amalankhula, inde, koma cimene timatola ndi ca anthu: dyera, ulesi, kucenjera kopitirira. Pa nchito yanga ya pa wailesi ndimayesa nkhani ndi khutu. Nkhani imene ndingaifotokoze pakamwa, mayi ali pa mtondo n'kuimitsa munsi kuti amve mathero ake, imeneyo ndi nkhani. Ya Arimah ikupambana mayeso amenewa.

Pafupi nafe, ku Lilongwe, m'caka ca 2015 kunatuluka buku la Imagine Africa 500. Anayambitsa nchitoyi ndi Shadreck Chikoti, mlembi wa Azotus the Kingdom, ndipo mkonzi wake anali Billy Kahora wa ku Kenya. Alembi anapemphedwa kuti aganizire Africa zaka 500 zikubwerazo. Muli nkhani 15, za Amalawi monga Muthi Nhlema ndi Tiseke Chilima, komanso za Dilman Dila wa ku Uganda ndi Wole Talabi wa ku Nigeria. Ya Nhlema, One Wit' This Place, ikuonetsa dziko litaonongeka ndi kusintha kwa nyengo, ndipo imagwira mtima cifukwa tsokalo tikuliona kudzera mwa anthu wamba. Ubwino waukulu wa bukuli ndi wakuti linabadwira kuseri kwa malire athu omwewa. Linaonetsa kuti kulota za m'tsogolo si nchito ya ku London ndi ku New York kokha.

Komabe ndili ndi madandaulo awiri pa mitolo imeneyi. Loyamba ndi lakuti tsogolo la tsoka lacita kuculuka: nthaka yauma, mizinda yagwa, olamulira ndi ankhanza, makina aposa anthu. Tsoka limakopa oweruza mipikisano cifukwa limaoneka lolemera. Koma mlimi wa fodya ku Macanga, kapena wa mbatatesi ndi tirigu ku Tsangano, safunika buku kuti adziwe kuti mvula ikusintha. Funso lake ndi lina: adzukulu anga adzabzala mbewu yanji, ndipo mwini mbewuyo adzakhala ndani? Nkhani zoyankha mafunso otere, za anthu amene akupeza njira osati kungolira, ndi zimene ndimazisowa m'mabukuwa.

Ndipo zipangizo tili nazo pakhomo. Damu la Cahora Bassa lili m'cigawo cathu ca Tete, magetsi ake ambiri amapita ku South Africa, pamene midzi ina yathu ikadali mumdima. Malasha a ku Moatize amacoka pa sitima kupita kunyanja. Malire amene anagawa Acewa ndi Angoni pakati pa Mozambique ndi Malawi anacokera m'pangano la Apwitikizi ndi Angerezi la 1891. Kodi zaka 500 zikubwerazo mzere umenewu udzakhalapobe? Malasha akadzatha, maenje aja adzakhala ciyani? Mlembi wa ku Lagos sangatilembere zimenezi, ndipo sitingamuimbe mlandu.

Dandaulo laciwiri ndi cilankhulo. Mphotho ya Caine imalandira nkhani zosindikizidwa m'Cingerezi. Yolembedwa m'cilankhulo cina iyenera kuyamba yamasuliridwa. Buku la The Year's Best African Speculative Fiction, limene anasonkhanitsa Oghenechovwe Donald Ekpeki m'caka ca 2021 n'kupambana World Fantasy Award mu 2022, nalonso ndi la Cingerezi. Kuno kwathu Virgília Ferrão anatithandiza mu 2022 ndi Espíritos Quânticos, mtolo wa nkhani zotere m'Cipwitikizi. Koma mwa mabuku onse ndachulawa, palibe limene lili m'Cinyanja. Conco mawu akuti "zopambana" tiziwamva bwino: ndi zopambana mwa zimene zinafika pamaso pa oweruza, m'cilankhulo cimene oweruzawo amawerenga. Nthano imene mayi wa ku Furancungo amasimba usiku sinalephere mpikisano. Sinaloledwe n'komwe kulowa.

Pali cenjezo limodzi kwa acinyamata amene angafune kulemba zotere. Kwa wowerenga wa kutali, munthu wouluka pa licero usiku ndi zosangalatsa cabe. Kwa ife si conco, cifukwa m'midzi yathu nkhalamba zimanenedwa ufiti, zina kuthamangitsidwa, zina kumenyedwa. Nkhani imene ingotenga agogo wosauka n'kumusandutsa mfiti yathira mafuta pamoto. Yolembedwa mwanzeru imafunsa kuti woloza cala uja akufuna ciyani, kaya ndi munda, kaya ndi mbuzi za mkazi wamasiye. Izi oweruza a kunja sangazione; ife tiyenera kuziona.

Ciweruzo canga ndi ici: mabukuwa ndi oyenera kuwerengedwa, ndipo amene amadziwa Cingerezi kapena Cipwitikizi awafunefune. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alembi awa atiphunzitsa kumanga nkhani yaifupi yoluma. Koma tisatenge mphotho zao ngati muyeso wa maloto athu. Aphunzitsi, magulu a za cikhalidwe ndi ife a pa wailesi tingathe kupempha cilolezo kwa eni nkhani kuti timasulire zingapo, kenaka tiitane ana a sukulu ndi akuluakulu kuti alembe kapena kusimba zao za Furancungo wa m'tsogolo, oweruza akhale omvera eni ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtolo wa nkhani khumi za m'Cinyanja, ngakhale wosindikizidwa pa pepala wamba, udzatipindulira kuposa mtolo wa mphotho umene ana athu sangaumasule.